Beseni la ku Kabulonga

Thoko,

Wapita ku Kabwata kukalukitsa tsitsi osanditsanzika bwino, ndipo geti walimenyetsa ngati ndi limene lakulakwira. Chabwino. Ine ndakhala pakhonde pano, magetsi apita monga mwa masiku onse, ndipo ndaona kuti bola ndilembe. Ndikatsegula pakamwa mawu amatuluka okwera, iwe n'kuyamba kuyang'ana pansi n'kumati inde amama, inde amama, koma osamva kanthu. Pepala sungaliyankhe kuti inde amama. Ndiliika m'thumba la jekete lako, uliwerenge mawa musanakwere ndege, ndipo uliwerenge mpaka kumapeto. Ndakwiya, mwana wanga, sindikubisira. Kuyambira Loweruka lija mtima wanga sunatsike.

Tsiku limene unabwera kudzandiuza kuti akusankha kulowa timu ya yunivesite ya mpikisano wa zabizinesi, ine ndinavina m'khichini ndi mpeni m'manja. Unandifotokozera mpaka ndinamvetsa. Amakupatsani nkhani ya kampani imene ikudwala, amakutsekerani anayi m'chipinda opanda foni, mumakangana mpaka mutapeza mankhwala ake, kenako mumatuluka kukaima pamaso pa oweruza, aliyense n'kulankhula chigawo chake, iwo n'kumakuponyerani mafunso. Unatinso kumbuyo kwa oweruzawo kumakhala mabwana a makampani obwera kudzaona ana oti awatenge ntchito. Ndipo unati iwe anakutengera manambala, chifukwa m'kalasi mwanu palibe wokuposa pamenepo. Ndinauza amayi onse a chigwirizano ku tchalitchi. Ndinauza ndi kondakitala wa minibasi amene sanandifunse n'komwe, kuti mwana wanga akupita ku Joni kukalankhula.

Kukalankhula, Thoko. Mawu amenewo uwasunge, chifukwa ndibwereranso pamenepo.

Tsono Loweruka makolo a Mulenga, mnzako wa m'timu uja, anatiitana ku Kabulonga kuti tidzaone kuyeserera kwanu komaliza. Ndinavala diresi langa labwino, atate ako anavala tayi, tinakwera minibasi kuchoka muno mu Chelstone n'kumaliza ndi miyendo, poti misewu ya kumeneko minibasi siziidziwa. Tinapeza mipando paudzu, nyama ikuotchedwa, wailesi yakanema yaikulu aitulutsira pakhonde. Ndinaona anzako atatu ataima ndi aphunzitsi anu, onse m'majekete a timu, akuseka. Ndinafunafuna wachinayi osamuona. Ndinati kapena wapita kukadzikonza. Kenako ndinakuona ukutuluka kukhichini, chitenje utamanga pamwamba pa siketi imene ndinakusokera ine, jekete la timu lili m'thupi, jagi kudzanja ili, beseni kudzanja ili, thaulo paphewa.

Unagwada pamaso pa atate ake a Mulenga. Ndinati chabwino, ndi akuluakulu, ndi eni nyumba. Unagwada pamaso pa aphunzitsi. Ndinati ndipirire. Koma unapitirira, unayenda ndi maondo paudzu paja mpaka unafika pa Natasha wa ku Woodlands, mnzako wa m'timu, msinkhu wako, ndipo unamuthirira madzi. Unafika pa Mulenga. Mnyamata uja anapana foni pakati pa khutu ndi phewa, n'kutambasula manja uku akulankhulabe ndi munthu wina, ndipo sanakuyang'ane olo kamodzi. Atatha anaponya thaulo paphewa pako pomwe analitenga.

Sunamve zimene zinanenedwa pambali panga, ndiye ndikuuze. Mayi wina wachibale cha nyumba ija, wa magalasi akuda, anakodola bana Mulenga, amayi ake a mnyamata uja, n'kunena kuti, "Uyu mwamupeza kuti? Ali na ulemu maningi. Wanga anathawa, nifunako wa so." Bana Mulenga anaseka n'kumuuza kuti awe, uyu si wantchito, ni wa mu timu. Mayi uja anangoti oo, koma mbale yake yakuda anakupatsabe, ndipo iwe unailandira ndi manja awiri. Wantchito weniweni wa panyumbapo, mayi wa ku Petauke, anaima pakhomo la khichini manja ali lende, poti ntchito yake unali utamulanda. Anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana. Anandichitira manyazi mayi uja, munthu wosandidziwa n'komwe. Nyama ija sindinaidye. Ndikacheuka, atate ako akugwedeza mutu ngati ali pa ulaliki, akundinong'oneza kuti taona mwana wathu waonetsa kumene achokera. Ndinawatsina pantchafu mpaka anasiya.

Ndikanapirira beseni likanakhala kuti lathera pomwepo. Koma itafika nthawi yoyeserera, atatu anaima kutsogolo, iwe unakhala pakampando kumbali n'kumadina kompyuta kuti zithunzi zisinthe. Ndinadikira chigawo cha manambala. Chinafika, ndipo anachilankhula ndi Mulenga. Atate ake, amene anakhala ngati woweruza tsiku limenelo, anamufunsa funso limodzi chabe, kuti nambala ina waipeza bwanji. Mwana uja anawerama ngati akukonza chingwe cha kompyuta, iwe unamunong'oneza, iye n'kuweramuka n'kuyankha ndi Chingerezi chake cha m'mphuno, anthu n'kuomba m'manja. Ena sanaone, koma ine ndinaona milomo yako. Ndinakubereka ine, Thoko, ndimadziwa mmene pakamwa pako pamayendera ukamawerengera.

Lero m'mawa ndakufunsa, ndipo wandiyankha uku ukupukuta tebulo loyera kale. Wati palibe anakulanda, unapereka wekha. Wati Chingerezi cha Mulenga chimayenda bwino, chako chimapunthwa, ndiye n'zokomera timu. Wati aphunzitsi anati mugwirizane nokha. Ndiye mwagwirizana kuti iwe ukwere ndege ulendo wonsewo kukadina batani. Mabwana aja okhala kumbuyo adzaona ana atatu odziwa zinthu ndi mtsikana mmodzi wowanyamulira katundu. Manambala ndi ako, tulo unataya ndi tako, koma dzina limene adzalembe ndi la amene watsegula pakamwa. Chingerezi chakocho chalakwa chiyani? Chakuyendetsa kuchokera giredi wani mpaka ku yunivesite, lero ndiye chathyoka mwendo?

Ndipo nditakupanikiza, unadzutsa mutu kamodzi kokha n'kunena kuti, "Si ndinu munandiphunzitsa?" Ndiye wamenyetsa geti. Ee, ndine. Sindikukana ndipo sindipepesa. Ndinakuphunzitsa kugwadira atate ako, azakhali ako, agogo ako ku Katete, ndi mlendo wolowa pakhomo pako. Ukadzabereka udzaphunzitse ako chimodzimodzi. Koma ndiuze tsiku limene ndinakuuza kuti ugwadire mnzako wa m'kalasi. Ndiuze tsiku limene ndinati ukakhala mlendo woitanidwa, wovala yunifolomu imodzi ndi mwana wa mwini nyumba, uthamangire kukhichini kukalanda beseni. Ulemu uli ndi malo ake. Ukauthira paliponse anthu saudziwanso kuti ndi ulemu, amangoona kuti apeza wantchito waulere.

Tamvera za tiyi. Tsiku langa loyamba ku ofesi ya boma, ndili mtsikana wotaipa, fumbi la ku Katete lisanachoke kumapazi, mesenjala anali atadwala. Abwana anafunsa m'malere, osaloza munthu, kuti kodi lero tiyi kulibe. M'chipinda chotaipira tinalimo atsikana atatu. Awiri aja anapitiriza kugogoda makina awo ngati ogontha. Ine, mwana woleredwa bwino, ndinanyamuka n'kukatereka ketulo. Mesenjala anachira, koma tiyi sanabwererenso kwa iye. Alendo akabwera, Nabanda tiyi. Msonkhano ukayamba, Nabanda makapu. Anzanga aja amalowa m'misonkhano ndi kope ndi cholembera, ine ndimalowa ndi thireyi. Patapezeka malo a sekilitale wamkulu, abwana ananena pagulu uku akuseka kuti Nabanda akakwera pamwamba tiyi wathu adzatiphikira ndani. Onse anaseka, inenso ndinaseka nawo ngati chitsiru. Malowo anapatsa mmodzi wa ogontha aja. Si kuti anandida ayi, amandikonda kwambiri, monga mmene bana Mulenga amakukondera iwe.

Tamveranso za maso. Ulendo wina anandiitana ku intavyu ya malo ena m'nyumba yomweyo. Mayankho ndinali nawo onse, ntchitoyo ndinali nditaigwira kale mwiniwake ali patchuthi. Ndinalowa, ndinapinda maondo pakhomo, ndinakhala kumapeto kwa mpando, maso pakapeti, mawu apansipansi monga amalankhulira munthu pamaso pa apongozi. Ndinatuluka ndikudziwa mtundu wa nsapato za aliyense koma osadziwa nkhope olo imodzi. Madzulo ake mayi mmodzi amene anali pagulu lofunsalo anandipeza pamasitepe n'kundiuza kuti theka la zimene ndinanena sanazimve, ndipo azibambo aja anati munthu wosayang'ana kumaso ndiye kuti akubisa kanthu. Kwathu kuyang'ana wamkulu m'maso ndi mwano, kwa iwo kuyang'ana pansi ndi bodza. Palibe anali atandiuza zimenezo. Iwe ndakuuza lero, ndiye ulibe pothawira. Ngati maso a woweruza akukuotcha, yang'ana pamphumi pake kapena pamfundo ya tayi, iye sadzadziwa kusiyana kwake. Koma pansi usayang'ane, palibe chimene unataya pamenepo.

Ndipo pali ina imene atate ako amakonda kuisimba kwa alendo kuti andiseke. Chaka chimene ndinali pafupi kupuma ntchito, pa phwando la kumapeto kwa chaka, bwana watsopano, mwana woti ndikanamubereka, anakuwa pakati pa anthu kuti amama, ketulo. Zimene ndinasunga zaka zonse zija zinatuluka tsiku limodzi. Ketulo ndinaibweretsa, ndinaiika patebulo pake mwamphamvu mpaka makapu analumpha, ndipo ndinalankhula. Ndinayambira pa mesenjala amene anali atamwalira kalekale. Zonse zimene ndinanena zinali zoona, koma palibe anazimva. Anangoti amayi aja lero chawakwera ndi chiyani, ena anati ndi bipi, ena anati ndi ukalamba. Mawu osungidwa amasasa ngati mkaka. Ndikanati tsiku lachiwiri lenilenilo ndinene ndi mawu ozizira kuti lero ndili ndi zotaipa, mesenjala wabwera, nkhani ikanathera pomwepo popanda wokwiya.

Ndiye iwe usadikire kuti usase. Mawa pabwalo la ndege, katundu asanalowe, muitane Mulenga pambali. Osapepesa, osayamba ndi nkhani zambiri, osaseka kaseko kako kaja kobisa mano ndi dzanja. Umuuze kuti, "Chigawo cha manambala ndilankhula ndine, ndipo mafunso ake ndiyankha ndine." Basi. Ukatero pita kwa aphunzitsi ukawauze mawu omwewo Natasha ndi mnyamata winayo akumva, kuti pasadzakhale woti sindinamve. Akati nthawi yatha, zinthu tinakonza kale, uwauze kuti m'ndege muli nthawi, ku hotela kulinso nthawi. Akati timu iluza chifukwa cha iwe, uwafunse kuti Loweruka anayankha funso lija ndani, ndipo ku Joni chingwe cha kompyuta chowerama nacho adzachipeza kuti. Oweruza a kumeneko si atate ake a munthu. Adzafunsa kawiri, katatu, ndipo amene sanawerengere yekha adzagwa pamaso pa anthu. Pamenepo mudzaluza nonse, ndipo kufatsa kwakoko ndi kumene kudzakhale kutawagwetsa.

Sindikuti umude mnyamata uja. Mulenga si mfiti. Anakula akusambitsidwa m'manja, ndiye munthu akamubweretsera beseni iye amangotambasula manja, saganizanso kuti wagwadayo ndani. Mwina usiku sagona n'komwe poopa manambala ako amene wawasenza osawadziwa, ndipo ukamulanda adzapuma. Mkwiyo wanga suli pa iye kwenikweni. Pang'ono uli pa aphunzitsi anu, munthu wamkulu amene anakhala phee, manja ake akuthiridwa madzi ndi mwana amene amayenera kumuimika kutsogolo. Pang'ono uli pa atate ako, amene mpaka pano akuti ndikukulitsa nkhani ya madzi osamba m'manja. Koma wambiri uli pa iwe, chifukwa iwe uli ndi mutu, ndipo ukuubisa dala kuti anthu akutche mwana wabwino. Mbewa yamanyazi inafera kuuna, Thoko. Ine dzina la mwana wabwino ndinalisenza mpaka penshoni, ndipo ndikukuuza kuti ndi lolemera pachabe.

Kumeneko ukapereke moni kwa akuluakulu monga mwa nthawi zonse, ndi manja awiri ngati ukufuna, koma uli chiimire. Patebulo ukakhale pampando, udye pamodzi ndi anzako chakudya chikali chotentha, usakhale womaliza wotolera mbale, ku hotela kuli anthu olembedwa ntchito imeneyo ndipo iwonso ali ndi ana oti adyetse. M'chipinda chotsekeredwa chija akanena zolakwika unene pomwepo kuti apa mwalakwitsa, usadikire kudzakonza mwakachetechete iwo atapita kukamwa tiyi. Wina akafunsa m'malere kuti kodi madzi akumwa kulibe, ukhale wogontha. Ndikubwereza, ukhale wogontha. Lilime likapunthwa pa liwu lina, pitirira, palibe anamwalira ndi zimenezo. Chikwama unyamule chako chokha. Ukafika uimbe foni, ndipo upemphere usanalowe, koma usapemphe Mulungu kuti Mulenga alankhule bwino chigawo chako, chifukwa pemphero limenelo ine ndidzalitsutsa kuno.

Tsopano za sutukesi. Ndaitsegula, ndipo usakwinye nkhope, sutukesiyo ndi yanga, ndakubwereka chabe. Ndapezamo simbi yositira. Ndapezamo polishi wakuda ndi burashi, pamene nsapato zako ndi zosapolisha. Ndapezamo singano, ulusi, ndi mabatani a malaya aamuna. Uli ndi mwamuna iwe? Ndapezamo zitenje ziwiri, zopindidwa bwinobwino pamwamba penipeni kuti uzipeze msanga. Mayo ine, unali utakonzeka kale kukatsegula nyumba ku Joni, kuwasitira, kuwapolishira, kuwasokerera mabatani, ana a eni ake amene amayi awo ali moyo. Zonsezo ndachotsa. Ndasiyamo Baibulo, mapilitsi a mutu ndi juzi, poti akuti kumeneko kumazizira. Malaya a Mulenga akakwinyika alankhule ali okwinyika.

Koma ndimakudziwa. Ndingachotse chitenje, iwe maondo uli nawobe, ndipo amapinda okha usanaganize n'komwe. Ndiye utangotuluka geti ndatenga siketi ya timu ija pachitseko ndi kukhala nayo pamakina. Bola makina anga ndi opalasa ndi phazi, sadikira magetsi. Ndaibweza m'mbali zonse ziwiri kuchokera m'chiuno mpaka m'maondo, ndipo mpata wakumbuyo uja, umene unakulola kuyenda ndi maondo paudzu wa anthu, ndautseka. Thupi lako ndimalidziwa popanda tepi. Kuyenda uyenda, pamasitepe ukwera ndi timapazi tating'ono, pampando ukhala bwinobwino ngati mayi wa mu ofesi, ndipo kuima ndiye uima mowongoka kuposa onse. Koma ukangoti ugwade, msoko wakumbuyowo ndausoka ndi ulusi umodzi wopyapyala, udzang'ambika kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndipo phokoso lake adzalimva ndi okhala mpando wakumbuyo. Siketi ina yofanana ndi jekete ulibe. Singano ndakulanda. Ukwiye mmene ungathere, ine ndakwiya kale kukuposa.

Atate ako andipeza ndikusoka n'kufunsa kuti kodi siketi ya mwana yatani. Ndawauza kuti inali yotakasuka kwambiri. Sindinaname.

Ndege yanu ikamanyamuka mwina idutsa pamwamba pa Chelstone monga zimachitira zina. Ine ndidzakhala panja pa waya woyanikira zovala, ndikuyang'ana kumwamba ngati wopenga, ndikukudalitsa uku ndikali wokwiya, poti ziwirizo zimatheka pamodzi, udzaziona wekha ukadzabereka. Pita bwino, mwana wanga. Mulungu akutsogolere, akutsegule pakamwa pamene ine ndalephera.

Zitenje zako ziwiri ndazikoloweka kuseri kwa chitseko cha khichini. Ukabwera udzamange chimodzi, udzagwade pamaso pa atate ako ndi kuwapatsa moni monga unaleredwera, ndipo ine ndidzakondwa kuona zimenezo, chifukwa pano ndi pamalo pake. Koma usanandionetse chikho kapena satifiketi, usanandiuze n'komwe ngati mwapambana kapena mwaluza, udzandipatse siketi. Kupambana ndi kuluza ndi nkhani ya anthu anayi. Msoko uja ndi nkhani ya iwe ndi ine. Ndausoka ndi ulusi wofiira mkati, ndipo dzanja langa ndimalidziwa, telala wa ku Joni sangandinamize. Ndidzaitembenuza pawindo pomwe pali kuwala, ndipo ndikufuna ndidzaupeze wathunthu.

Ndine mayi ako,
Nabanda